Wosewera wovulalavulala: timu imuwonjezere kontirakiti kapena imutaye?

Sizoni ya mpira ikamatha, makontirakiti a osewera ambiri amathanso, ndipo akuluakulu a matimu amakhala pansi n'kuyamba kusanja mayina: uyu atsale, uyu apite. Wosewera wa luso lochepa savutitsa pa mndandanda umenewu. Amene amazunguza mitu ndi mnyamata uja amene aliyense akudziwa kuti akakhala bwino palibe womugwira, koma theka la sizoni amalithera pa benchi bondo litakulungidwa bandeji. Mkangano womwewu umamveka m'mavidiyo sho a pa Kamuzu Road kuno ku Salima, komanso pa Dwangwa anthu akamatuluka m'bwalo la Chitowe. Ena amati, "Ameneyo akungodya ndalama za timu, apite." Ena amati, "Munthu anavulala atavala yunifolomu yathu, timutaya bwanji?" Onsewo ali ndi mfundo. Koma amalumpha funso loyamba: kuvulala kwakeko n'kotani, ndipo n'chifukwa chiyani kukubwerera?

Mpira umavulaza aliyense. Kuyambira mu 2001 bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA lakhala likulemba kuvulala kwa osewera a matimu akuluakulu a ku Ulaya, motsogozedwa ndi dokotala wa ku Sweden, Jan Ekstrand. Anapeza kuti timu ya osewera 25 imakumana ndi kuvulala kokwana pafupifupi 50 pa sizoni imodzi, ndiye kuti kawiri pa wosewera aliyense. Awatu ndi matimu okhala ndi madokotala awoawo, kapinga wofewa ndi chakudya chosankhidwa bwino. Choncho mnyamata amene waphonya masewero anayi kapena asanu pachaka sanachite chachilendo. Timafulumira kumupatsa dzina loti "wovulalavulala", ndipo dzinali likamumatirira munthu silichoka msanga. Matimu ena amayamba kumuopa asanamuone n'komwe.

Pali kuvulala kwa ngozi. Munthu wakulowa moipa, fupa lathyoka, akuika chikhakha. Fupa la mnyamata wathanzi likalumikizidwa bwino limapola n'kulimba, ndipo kuthyoka mwendo chaka chino n'kuthyoka chala chaka chamawa ndi tsoka chabe, sikusonyeza kuti thupi lake n'lofooka. Timu imene ingataye wosewera wabwino pa chifukwa chimenechi yadzibera yokha. Chofunika kusamala n'chakuti ngozi ikakhudza mfundo ya mwendo, monga kakolo kapena bondo, imasiya mbiri. Abou Diaby wa Arsenal anathyoledwa kakolo mu Meyi 2006 pa masewero a ku Sunderland ali ndi zaka 19 zokha. Anabwerera m'bwalo, koma kuyambira pamenepo minofu ya m'miyendo inkangomuvuta, uku ntchafu, uku katumba, mpaka anachoka ku Arsenal mu 2015 asanasonyeze zonse zimene anali nazo. Kakolo akauma, munthu amasintha kapondedwe osadziwa, ndipo katundu amene kakoloyo amayenera kunyamula amagwera ziwalo zina.

Kuvulala kumene kumabwerera kwambiri n'kwa minofu, makamaka mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu umene madokotala amautcha hamstring. Mumaona wosewera akuthamangira mpira mwaliwiro, kenako waima mwadzidzidzi dzanja lili kumbuyo kwa ntchafu, palibe amene wamukhudza. Kaundula wa UEFA uja akusonyeza kuti poyamba kuvulala kotere kunali 12 pa 100 alionse, koma pofika sizoni ya 2021/22 kunali kutafika pa 24, chifukwa mpira wa masiku ano ndi wothamanga kwambiri. Mnofu ukang'ambika umapola ndi chipsera, ndipo chipsera sichitanuka ngati mnofu weniweni. Asodzi a ku Senga Bay amadziwa kuti chilimira chosokedwa mothamanga chimakang'ambikanso m'mphepete mwa pamene panasokedwapo, nsomba zikangolemera. Mnofu umateronso. N'chifukwa chake chizindikiro chachikulu choti munthu adzavulala mnofu n'chakuti anavulalapo kale pamalo omwewo. Komabe vutoli lili ndi mankhwala ake, omwe ndi nthawi yokwanira yopumula ndi mafizo olimbitsa mnofuwo pang'onopang'ono. Wosewera wa zaka 23 amene ntchafu yamuvuta katatu nthawi zambiri amakhala munthu amene anabwezeredwa m'bwalo katatu asanachire.

Bondo ndiye nkhani ina. M'kati mwake muli mtsempha wotchedwa ACL umene umagwira mafupa kuti asaterereke munthu akamatembenuka. Ukaduka, wosewera mpira amafunika opaleshoni, ndipo kuchira kwake kumatenga miyezi yoposa 6, kawirikawiri 9 kapena kuposa. Kafukufuku wa ku Norway ndi ku America amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti mwezi uliwonse umene munthu wadikira asanabwerere m'masewero, mpaka kufika mwezi wa 9, umachepetsa ndi pafupifupi theka chiopsezo choti bondolo livulalenso. Ku Ulaya ambiri amabwerera m'bwalo opaleshoni ikatha, koma patapita zaka zitatu ndi awiri okha mwa atatu alionse amene amakhala akuseweradi pa mulingo wapamwamba uja. Choopsa kwambiri ndi kutha kwa chicherewecherewe, chija chimakuta nsonga za mafupa kuti asakhulane. Chimenechi chikaperepeseka sichimeranso. Bondo lotere limatupa masewero alionse akatha, ndipo palibe kontirakiti kapena pemphero la masapota limene lingalibwezere mwakale.

Taonani tsono kuti anthu atatu tingawatche dzina limodzi pamene mmodzi anangogwa m'tsoka, wina anabwezeredwa m'bwalo asanachire, ndipo wachitatu thupi lafikadi pothera. Timu imene ikuweruza onsewa mofanana ikungoponya mwala mumdima.

Ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti matimu athu ambiri ayenera kudzifunsa asanaloze wosewera chala. Kuti mudziwe bwino ngati mtsempha wa m'bondo waduka pamafunika sikani ya MRI, chifukwa X-ray imaonetsa mafupa basi. Makina a MRI m'dziko muno ndi ochepa, ndipo amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Mnyamata wovulalira ku Nkhotakota kapena ku Salima ayenera kukwera ulendo wa ku Lilongwe, kumene kuli chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central, kapena wa ku Blantyre. Ulendowo ndi ndalama, sikaniyo ndi ndalama. Zikasowa, bondo limangomangidwa bandeji, kutupa kukatsika munthu amati wachira. Masewero aakulu akayandikira amamubaya jakisoni woletsa ululu n'kulowa m'bwalo. Ululu ndi mlonda wa thupi, ndipo kuutontholetsa sikuchiza chilichonse. Pakatha milungu iwiri bondo lagwanso, ndipo masapota amayamba kunena kuti mnyamatayu ndi wagalasi.

Onjezani mabwalo. Kwa zaka zambiri ligi yathu yakhala ikuseweredwa m'chilimwe, kuyambira cha mu Epulo mpaka Disembala, nthawi imene nthaka imauma gwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kuno kunyanja aliyense akukudziwa, ndipo mnofu wotopa wa munthu amene watha madzi m'thupi suchedwa kung'ambika. Pali maulendo a pa basi a maola ambiri, munthu atapinda miyendo, n'kusewera mawa lake. Timu ya MAFCO ya kuno ku Salima inatha zaka ikusewerera masewero ake apakhomo ku Chitowe, mtunda wa makilomita oposa 150 pa msewu wa M5. Pali malungo, amene amafooketsa wosewera kwa masiku angapo ngakhale atamaliza mankhwala. Osewera nawonso ali ndi mbali yawo. Ena sizoni ikatha amakasewera mabonanza akumudzi pa mabwalo a zitsa ndi maenje pofuna kandalama ka msanga, n'kubwerera ku timu ali ndi kakolo wotupa amene sanena kwa kochi. Ena amathawa mafizo chifukwa ndi otopetsa ndipo palibe wowaombera m'manja. Wosewera amene amabisa kuvulala kapena kukana malangizo a dokotala, timu ili ndi chifukwa chomveka chomukayikira.

Tsono tibwere ku ndalama, chifukwa amene amati "apite" sakulankhula zopanda pake. Ligi ya matimu 16 imapatsa timu iliyonse masewero 30. Tiyerekeze osewera awiri olandira malipiro ofanana, wina wasewera 27, wina 12. Masewero alionse a wachiwiriyu aidyera timu ndalama zoposa kawiri poyerekeza ndi a mnzakeyo, tisanawerengere za kuchipatala. Amatenganso malo pa mndandanda wolembetsedwa, malo amene akanapita kwa mwana wochokera ku timu ya achisodzera. Kochi naye amavutika, chifukwa sangamange kaseweredwe pa munthu amene sakudziwa ngati Loweruka adzakhalapo, makamaka akakhala goloboyi kapena wotchinga kumbuyo pakati, malo amene amafuna anthu ozolowerana. Kafukufuku wa UEFA womwe uja anasonyeza kuti matimu amene osewera awo amapezeka nthawi zambiri ndi amenenso amamaliza pamwamba. Chitsanzo chimene masapota a Manchester United sachiiwala ndi cha Phil Jones. Anamupatsa kontirakiti yatsopano mu Febuluwale 2019 yofika mpaka 2023. Kuyambira Januwale 2020 anatha pafupifupi zaka ziwiri osasewera chifukwa cha bondo, ndipo m'sizoni yake yomaliza sanalowe m'bwalo ngakhale kamodzi. Munthuyo sanalakwe kanthu, anavutika kwambiri. Cholakwika chinali kutalika kwa kontirakitiyo.

Koma masamu a masewero okhawo amanamanso, chifukwa masewero 12 a munthu mmodzi akhoza kubweretsa mapointi ochuluka kuposa 27 a wina. Arjen Robben ankanenedwa kuti ndi wagalasi ali ku Chelsea ndi ku Real Madrid. Real inamugulitsa ku Bayern Munich mu 2009, ndipo mu 2013 ndi iye amene anamwetsa chigoli chopambanira chikho cha Champions League pa Wembley, masewero atatsala pang'ono kutha. Robin van Persie anathera zaka zambiri akulowa ndi kutuluka m'chipinda cha madokotala ku Arsenal, koma thupi litakhazikika anamwetsa zigoli 30 mu ligi ya 2011/12, kenako 26 ku Manchester United imene inatenga ligi chaka chotsatira. Nkhani ya Ousmane Dembélé ndi yophunzitsa kwambiri. Barcelona inamugula mu 2017 pa ndalama zoposa mayuro 100 miliyoni, ndipo ntchafu zinamusautsa zaka zingapo. Kontirakiti yake itatha mu 2022 anagwirizana ina ya zaka ziwiri zokha. Chaka chotsatira timu ya PSG ya ku France inalipira pafupifupi mayuro 50 miliyoni kuti imutenge, ndipo mu 2025 anapambana Ballon d'Or, mphoto ya wosewera wopambana onse padziko lapansi. Barcelona ikanamusiya mu 2022 sikanapeza ngakhale tambala.

Mfundo imeneyi imachokera ku malamulo. Chiyambire chigamulo cha mlandu wa wosewera wa ku Belgium, Jean-Marc Bosman, mu Disembala 1995, wosewera amene kontirakiti yake yatha amachoka ulere. Malamulo a FIFA amamulolanso kusainirana ndi timu ina kukatsala miyezi 6 kuti kontirakiti yake ithe. Ndiye kwa timu imene imadalira kugulitsa osewera, kuwonjezera kontirakiti ya mnyamata waluso n'kuteteza chuma chake chomwe.

Malamulo omwewo ndi amene amapangitsa kuti nthawi yowonjezera kontirakiti ikhale yolemera chotere. Kuvulala pakokha si chifukwa chovomerezeka chothetsera kontirakiti isanathe, ndipo timu yochotsa wosewera chifukwa wavulala ikhoza kulamulidwa kumulipira ndalama za nthawi yotsalayo. FIFA imanenanso kuti kontirakiti ikasainidwa, timu singadzaikane ponena kuti wosewerayo walephera mayeso a kuchipatala. Kuyeza kuyenera kuchitika cholembera chisanagwire pepala. Kontirakiti ikhoza kufika zaka 5, kapena 3 kwa mwana wosakwana zaka 18. Wosewera amene sanalipidwe miyezi iwiri ali ndi ufulu wopereka chenjezo la masiku 15 n'kuchoka, choncho chizolowezi chongosiya kulipira munthu wovulala kuti atope yekha ndi kuphwanya lamulo. Kuno kwathu lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limapatsa wantchito amene wakwanitsa chaka milungu 4 ya tchuthi chodwala pa malipiro athunthu ndi milungu 8 pa theka la malipiro. Yonse pamodzi ndi miyezi itatu. Bondo la ACL limafuna katatu kuposa pamenepo. Mpata umenewu uyenera kutsekedwa ndi kontirakiti ya mpirayo, ilembe momveka kuti wolipira opaleshoni ndani, mafizo ndani, ndipo malipiro akhala otani munthu akakhala kunja miyezi yambiri. Osewera athu ambiri amasaina akuyang'ana ndalama yosainira yokha, tsamba limeneli osaliwerenga. Ndikanakonda bungwe la osewera, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM ndi loyendetsa ligi la SULOM akanalimbikira pamenepa kuposa pena paliponse.

Pakati pa kutaya munthu ndi kumumanga zaka zinayi pali njira zina. Yofala ndi kontirakiti ya chaka chimodzi yokhala ndi ndime yoti akasewera masewero akutiakuti iwonjezereke yokha chaka china. Ina ndi kutsitsa malipiro a pamwezi n'kukweza gemu bonasi. Manchester United inachita zofanana ndi izi ndi Zlatan Ibrahimović: anavulala bondo mu Epulo 2017, kontirakiti inatha, koma anapitiriza mafizo ake pamalo a timuyo, ndipo mu Ogasiti atamuona kuti akuchira anamupatsa ya chaka chimodzi. Njira ya gemu bonasi ili ndi msampha umene tiyenera kuunena. Ngati chakudya cha ana chikudalira kulowa m'bwalo Loweruka, munthu adzabisa ululu, adzasewera bondo likulira, ndipo vuto lomwe timafuna kupewa lija tidzalikulitsa. Kwa wosewera wa ku Ulaya kudula malipiro ndi theka kumamusiya adakali wolemera. Kwa mnyamata wochita lendi ku Nkhotakota kumamusiya wopanda ufa. Malipiro a pamwezi ayenera kukhala okwanira kukhalira moyo, bonasi ikhale pamwamba pake.

Matimu a asilikali ndi apolisi, monga MAFCO, Kamuzu Barracks, Moyale Barracks ndi Blue Eagles, ali ndi mwayi wina pa nkhaniyi. Osewera awo ambiri ndi antchito a boma, choncho bondo likakana mpira, ntchito ndi malipiro zimakhalapobe. Mnyamata wa timu wamba alibe pogwira potero. Kontirakiti ikatha ali pa ndodo, amabwerera kwa makolo ake, opaleshoni isanachitike kapena mafizo atadukira panjira, ndipo palibe timu imene ingamuyese ali wotsimphina. Zaka zake zabwino anazithera m'bwalo, ena sukulu anaisiyira mpira womwewo. Ngakhale kabaza amamukanika chifukwa amafuna bondo lomwelo.

Apa ndiye maganizo anga sagwedezeka. Timu isasiye wosewera amene anavulalira pa ntchito yake kuchira kusanathe. Ngati kontirakiti ikutha mwezi wachitatu wa kuchira, iwonjezeredwe mpaka dokotala atamulola kusewera, ndipo akachira mpamene akambirane za tsogolo. Real Madrid inalengeza kuti yawonjezera kontirakiti ya Dani Carvajal patangopita tsiku limodzi atavulala bondo mu Okutobala 2024. Wina anena kuti Real ndi yolemera, ndipo n'zoona. Koma taonani za Santi Cazorla. Arsenal inamuwonjezera chaka mu 2017 akulimbana ndi mtsempha wa chidendene umene matenda anaudya masentimita 8. Sanaiseweererenso timuyo ngakhale kamodzi. Pa masamu ndalamazo zinapita. Koma munthuyo anachira, anakasewera ku Villarreal, ndipo mu 2019 anaitanidwanso ku timu ya dziko la Spain. Ndalama imeneyo ine sindiiona ngati yotayika, chifukwa osewera ena onse m'chipinda chovalira amaona zimene zachitikira mnzawo. Wotchinga kumbuyo amene waona mnzake atatayidwa ali pa ndodo adzaganiza kawiri asanaponye mwendo wake kutsogolo kwa mpira pa mphindi ya 90. Makolo nawonso amamva, ndipo amadziwa timu yoyenera kuipatsa mwana wawo.

Chodabwitsa n'chakuti zochepetsa vuto lonseli n'zotsika mtengo kuposa kontirakiti iliyonse. Dongosolo lotenthetsa thupi la FIFA 11+ limatenga mphindi 20, silifuna makina, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti limachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Palinso mafizo otchedwa Nordic: wosewera amagwada, mnzake n'kumugwira akakolo, iye n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono akudziletsa ndi ntchafu. Matimu amene amachita zimenezi mokhulupirika amachepetsa kung'ambika kwa hamstring ndi pafupifupi theka. Sukulu ya zaumoyo ya KUHeS imatulutsa akatswiri a mafizo, ndipo timu ikhoza kupangana ndi mmodzi kuti azibwera masiku ena pa mlungu. Ngakhale kope wamba limathandiza: tsiku limene munthu wavulala, chiwalo chake, ngati anagundidwa kapena zinangochitika, masiku amene anakhala kunja, ndi amene anamulola kubwerera. Nthawi ya makontirakiti ikafika, akuluakulu amatsegula kopelo m'malo modalira mkwiyo wa masapota kapena chikondi cha kochi.

Kopelo nthawi zina lidzanena kuti ayi. Wosewera wa zaka zoposa 30, bondo lomwelo lotupa chaka ndi chaka, dokotala watsimikiza kuti chicherewecherewe chatha: kumupatsa zaka zina ziwiri n'kumupweteka iye mwini, chifukwa bondolo adzalifuna poyenda ali ndi zaka 50. Timu ili ndi ufulu wonse wokana. Koma imuuze msanga, kukadali miyezi 6 ija imene lamulo limamulola kufuna kwina, ndipo imuuze pamaso, asadzamvere pa wailesi kapena pa Facebook. Imalize chithandizo chimene inayamba. Ngati ali ndi mutu wa mpira, imuthandize kulowa maphunziro a ukochi a FAM n'kumupatsa timu ya achisodzera. Ledley King wa Tottenham anasewera zaka zake zomaliza bondo lilibe chicherewecherewe, osachita nawo zokonzekera za timu mlungu wonse, n'kumangolowa tsiku la masewero chifukwa luso lake linali losowa. Pamene zinakanika mu 2012 ali ndi zaka 31 anasiya, ndipo Tottenham inamusunga ngati kazembe wa timuyo, kenako anathandizirapo pa ukochi.